Za 1942 ija mukufuna kugula

Amwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno tilipo, alamu anu akupereka moni.

Mwafunsa ngati katiriji (kabokosi kolowetsa m'makina a gemu a kunyumba) ya gemu ya ndege yotchedwa 1942 mwaiona pamalonda ija ndi gemu yomweija ya m'makina oponya ndalama yachitsulo. Dzina ndi lomwelo, ndege ndi yomweyo, koma kaseweredwe n'kosiyana, ndiye musafulumire kupisa m'thumba.

Ya m'makina idatuluka mu 1984, ya kampani ya Capcom, ndipo mmisiri wake wamkulu anali Yoshiki Okamoto. Mumayendetsa ndege yankhondo ya P-38 Lightning ya America, ija ya michira iwiri, kuchokera ku zilumba za Midway kulowera ku Tokyo. Tangoganizani, kampani ya ku Japan kupanga gemu yogwetsa ndege za kwawo komwe! Magawo alipo 32 ndipo amawerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuyambira 32 mpaka 1. Gawo lililonse mumanyamukira pa sitima yonyamula ndege n'kukateranso pa sitima, kenako imakuonetsani peresenti ya adani amene mwagwetsa.

Mabatani ndi awiri okha: lowombera ndi logudubuza ndege m'mwamba. Chipolopolo chimodzi chikukwanira kukuphani, koma pamene ndege ikugudubuzika palibe chingakukhudzeni. Mumayamba gawo ndi mwayi wogudubuza katatu. Apa ambiri amalakwa pawiri. Ena amaumira, kusunga mwayiwo kuti akapate mapointi kumapeto, n'kufa onse atatu ali m'manja. Ena amagudubuza osayang'ana potulukira. Pogudubuzika simuwombera, koma ndege imayendabe, choncho ikankhireni pamalo opanda kanthu isanabwerere pansi, apo ayi mutera pamsana pa mdani.

Chinanso, musakhale kumunsi kwenikweni kwa sikirini. Ndege zikuluzikulu zoponya mabomba zimatulukira kumbuyo kwanu, ndipo zina zing'onozing'ono zimakudutsani n'kutembenuka. Siyani kampata kumbuyo. Mukaona ndege zofiira zikubwera mondondozana, ziwombereni zonse, chifukwa ikapulumuka imodzi chizindikiro cha POW, chokuwonjezerani mphamvu, sichigwa. POW ikhoza kukupatsani mfuti zinayi m'malo mwa ziwiri, kuphulitsa adani onse amene ali pa sikirini, kapena kukupatsani tindege tiwiri tokuperekezani m'mbali. Tindegeto timathandiza kuwombera, koma tikakhudzidwa timagwa, ndiye ndi ito simungalowe m'timipata topanikiza osataya kamodzi.

Tsopano ya kunyumba. Idatuluka pa makina a Nintendo olumikiza ku TV: pa Famicom ku Japan mu Disembala 1985, pa NES ku America mu Novembala 1986, ndipo ntchito yoisamutsa adagwira ndi a kampani ya Micronics. Sikirini ya m'makina ndi yoimirira, madontho 224 m'lifupi ndi 256 m'litali, ndiye mdani mumamuonera patali. TV ya kunyumba ndi yogona, 256 m'lifupi ndi 240 m'litali, ndipo ndege zimakufikani msanga. Makina aja anali ndi mapurosesa awiri a Z80, imodzi yongoyang'anira mawu, pamene NES ili ndi imodzi yosenza zonse. Komanso NES imatha kusunga tizithunzi toyenda 64, koma pamzere umodzi wopingasa imaonetsa 8 tokha. Tikapitirira apo, tina timaphethiraphethira, ndipo chipolopolo chikhoza kuzimirira kanthawi n'kukuphani musanachione. Zithunzinso zimayenda modukizadukiza. Icho sindingachiikire NES mlandu, popeza 1943, gemu yotsatira 1942 imene idatuluka mu 1988 pa makina omwewo, imayenda myaa. Nyimbo ndiye musayembekezere kanthu: kamluzu ndi kang'oma basi, moti mudzatsitsa voliyumu gawo lachitatu lisanathe.

Mukagulabe, yambani mwawerenga mano a katiriji, tizitsulo tija tolowa m'makina. Ya Famicom ili ndi mano 60, ya NES 72, ndipo sizilowerana popanda adaputa. Makina otengera aja a magemu ambirimbiri mu katiriji imodzi kawirikawiri amalandira ya mano 60.

Pa magetsi ndi pamene anthu amaliritsa makina. Adaputa ya NES ya ku America imafuna mavoti 120 ndipo ya Famicom 100, pamene kumeneko kukhoma kuli 230, ndiye pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu kapena adaputa yopangidwira 230. Ndipo musayerekeze kulumikiza adaputa ya NES ku Famicom ngakhale pulagi ikulowa bwinobwino. Ya NES imatulutsa mavoti 9 a AC, pamene Famicom imafuna DC, negativi pakati pa pulagi. Mukasakaniza, mudzamva fungo la zopserera. TV nayonso ikhale yolandira NTSC, mtundu wa siginolo ya TV ya ku America ndi ku Japan, kupanda apo chithunzi chimatuluka chopanda mitundu kapena chogubuduka.

Kanyali kofiira ka NES kakamayaka n'kuzima sekondi iliyonse, sikuti katiriji yafa ayi. Kawirikawiri mano ada, ndiye tchipi chotsekera cha m'makina sichikumvana ndi cha m'katiriji. Musauzire ndi pakamwa, chinyezi chimaononga mano. Nyowetsani kathonje ka m'khutu ndi isopropyl alcohol, pukutani mbali zonse ziwiri mpaka kathonje kaleke kuda, dikirani iume, kenako ikani.

Ngati chimene mukufuna ndi gemu ya m'makina yeniyeni, ili mu Capcom Arcade Stadium ya 2021 pa Switch, PlayStation 4, Xbox One ndi kompyuta, ndipo imalola kuimiritsa chithunzi ngati m'makina muja. Katiriji ya 1942 gulani ngati mtengo uli wabwino ndipo mukufuna yosunga. Yoseweretsa madzulo aliwonse funani 1943: ndege ili ndi mlingo wa mphamvu m'malo mofa ndi chipolopolo chimodzi, ndiponso ili ndi pasiwedi yopitirizira pamene munalekeza.

Wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha mano a katirijiyo, mundionetse musanalipire. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu.