Tsache lisakhale chibalo kusukulu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za ana athu akupulayimalewa. Sabata yatha ndinamuuza mwana wanga wa sitandade 6 kuti akachotse majumbo amene atseka ngalande ya kuseri kwa nyumba, iye kundiyang'ana nkunena kuti "koma adadi ine ndalakwa chani?" Poyamba ndinaseka, kenako ndinangoti zii chifukwa mwanayu sananame ayi. Kusukulu kwawo wotola zinyalala ndi amene wachedwa, wokolopa kuchimbudzi ndi amene amalongolola mkalasi, dzenje amakumba ndi amene wajomba. Ndiye zaka 8 zonse mwana akuona tsache ndi khasu ngati chibalo, mukuganiza kuti akadzakula adzadzuka yekha mmawa kukatsegula kalavati ya mdera lake?

Ife nthawi ya Kamuzu tinali ndi Youth Week, timalambula misewu, kuumba njerwa, kufolera nyumba za agogo amene analibe owathandiza. Sindikunena kuti zonse zinali bwino, ambiri timapita kuopa a Payoniya basi, nchifukwa chake matipate itabwera mu 1994 anthu anangoti ija inali thangata nkutaya zonse, Civics, phunziro la za unzika lija, nayenso anasowa pa taimutebulo. Lero amfumu akaitana kuchitukuko funso loyamba ndi loti pali kangachepe kodi, mjigo ukafa aliyense akuti ngwa boma pomwe omwa madziwo ndife tomwe, ana akumva zonsezi tikuyankhula pakhonde.

Mu Novembala 2020 a Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, mabwana anavala magolovesi nkujambulitsa, pano akulikumbuka ndani? Kolera itavuta mu Januwale 2023 masukulu a ku Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulira, ana anangosangalala kuti holide yawonjezereka, osadziwa kuti nkhani yake ndi ya zimbudzi ndi ngalande zomwe zija.

Aphunzitsi sindikuwada ayi, munthu mmodzi ana 100 mkalasi ena pansi pamtengo, mutu ungazungulire. Koma izi sizifuna ndalama. Ngati kuli kusesa asese onse, wanzeru ndi wovuta yemwe, ahedi nawonso agwire tsache ana awaone, wolakwa mupezereni chilango china. Mapulifekiti asamangolozedwa ndi chala mu ofesi, ana azivota okha, kuwerenga mavoti poyera, ndipo amene wagona pa udindo azimufunsa pa asembule. Khansala wa mderalo muitaneni kamodzi pa teremu, ana amufunse kuti ntchito yake imasiyana bwanji ndi ya phungu, komanso ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha mdera la phungu, zapanga chani kwawo kuno, ine ndikukuuzani akulu ambiri kuno sitidziwa kusiyana kwake, timangodziwa kuti onse ndi ogula mabokosi pamaliro. Mitengo yobzala mu Januwale ija kalasi iliyonse ikhale ndi yake yoti izithirira mpaka Okutobala, osati kubzala lero mawa mbuzi zadya.

Ngalande ija ndinakayamba ndekha Loweruka. Patapita kanthawi mnyamata uja anatulukira ndi wilibala, akung'ung'udza ndithu, koma anatuta mpaka kumaliza.

Kholo,
Ndirande, Blantyre