Lipoti la ulendo wanga wa ku Agadir, Morocco

A Wapampando, akomiti ndi alimi anzanga a sikimu yathu,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa alimi othirira umene munandituma. Malisiti onse ali kwa a Msungichuma, ndipo ndalama yotsala ndabweza. Ndayamba ndi zimenezi poti ndamva kuti ena akuti ndinapita kukadya alawansi. Werengani kaye, muweruze pambuyo.

Anzathu a ku Morocco aja madzi anawathera m'maso. Mvula inawavuta zaka zingapo zotsatizana, ndipo mu Ogasiti 2023 ku Agadir kunatentha mpaka madigiri 50.4. Pofika 2025 ziweto zinali zitachepa ndi 38 peresenti kuyambira 2016, moti mu Febuluwale 2025 mfumu yawo, Mohammed VI, inapempha anthu kuti asazinge nkhosa pa Eid ya nsembe. Abale athu Achisilamu mukudziwa kuti mawu otere satuluka wamba.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri zinali zokamba za ngongole ndi ndondomeko za maboma. Mapepala ake ndabwera nawo.

Chimene chinandigwira mtima ndi tsiku limene anatitengera kuphiri la Boutmezguida, kufupi ndi Sidi Ifni. Kumeneko bungwe la Dar Si Hmad linaimika maukonde aakulu pazitsulo, moyang'ana kumene mphepo ya kunyanja imachokera. Nkhungu ikamadutsa, timadontho timakodwa mu ukonde, timatsetsereka kulowa mungalande ya pansi pake, kenaka m'mapaipi mpaka kumidzi. Palibe injini, palibe dizilo. Ndinaika chikhatho pa ukondewo, madzi ozizira n'kundiyenderera mpaka pachigongono, pamene pansi pamene ndinaima panali gwa, miyala yokhayokha. Amayi a kumeneko kale ankatha maola angapo tsiku lililonse akusaka madzi. Lero ali ndi mpopi pakhomo. Mtima wanga unathamangira ku chiperoni chathu chija chimene timangochidandaula kuti chikuzizira. Madzi ake sangakwane kuthirira mpunga, koma akumwa pasukulu ya kuphiri angakwane, ndipo ndikupempha kuti tikafunse a zamadzi kuboma.

Tinaonanso fakitale ya ku Chtouka yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, imene inayamba mu 2022. Ndi yodabwitsa, koma madzi ake ndi odula. Amene akuwakwanitsa ndi olima tomato wotumiza ku Ulaya, osati mlimi ngati ine ndi inu.

Pomaliza msonkhano unagwirizana kuti tonse tilimbikitse kuthirira kwa madontho, kwa mapaipi odonthetsera madzi pa mbewu. Ine sindinakweze mkono. Ku Morocco komweko boma linathandiza anthu kugula mapaipi amenewa, koma ambiri ataona kuti madzi akutsala anangokulitsa minda, n'kukumba zitsime zozama kuposa za mnzawo. Ku Zagora, m'chipululu, anadzaza mavwende, ndipo mu 2017 anthu anachita zionetsero chifukwa mipopi yawo inauma. Boma linachita kuchepetsa malo olima mavwendewo. Paipi payokha siletsa umbombo.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Chaka cha 2024, pamene boma lathu linalengeza ngozi ya chilala m'maboma 23, ife a kumunsi tinaona mpunga wathu ukupserera, anzathu a kumtunda akutsekula ngalande usiku, tsiku lisali lawo. Tinadandaula kawiri konse. Anatiuza kuti komiti ikhala pansi, mpaka lero sinakhale. Mayi wamasiye amene timagundana naye malire sanakolole ngakhale thumba limodzi, koma ndalama ya madzi anapereka yofanana ndi ya amene anathirira kawiri. Tsopano ndikumva kuti tikufuna kutsekula mahekitala ena. Ndi madzi ati?

Ndikupempha kuti msonkhano ukubwerawu tiyambe ndi kaundula wa masiku othirira, loko pa geti ya kumtunda, ndi chindapusa cholembedwa. Zithunzi za maukonde zili mufoni yanga, ndidzabwera nazo.