Kwa Naphiri, za ophunzira ako a ku Manchester

Wokondedwa Naphiri mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, mayi ako akupereka moni. Ndikuyankha dandaulo lako lija, lakuti zolemba za ophunzira ako a masters ochokera ku China, India ndi Nigeria zikukuimitsa mutu pochonga.

Yamba wadzifunsa kuti ukuyesa chiyani. Iwe anakulemba ntchito yophunzitsa za umoyo wa anthu, osati Chingerezi. Pa zaka zanga zogwira choko ndinaona ana odziwa masamu kwadzaoneni akubwerera kumudzi opanda setifiketi ya MSCE, poti kuno wolephera Chingerezi walephera zonse. Komanso chiyambire 1968, pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, mwana wa ku Karonga ankachipeza kusukulu chisali cha kwawo, Chingerezi n'kumudikiranso kutsogolo. Ena ankamutcha mbuli, chonsecho wasenza mitolo iwiri pamene anzake asenza umodzi.

Wako wa ku China uja anakhoza IELTS, mayeso a Chingerezi olowera kuyunivesite zakunja, mwina ndi 6.5. Zimenezo zinangomutsekulira chitseko. Masters ya ku Britain ndi ya chaka chimodzi, ndiye m'miyezi yomweyo azolowere kalankhulidwe ka anthu a kumeneko, awerenge mabuku, alembenso kafukufuku wa mawu oposa 10,000. Ukapeza "the" kapena "a" akusowa m'chiganizo, usadabwe. Chitchaina chilibe timawu timeneto, monganso Chichewa chathu. Ngati mfundo ikumveka, m'patse malikisi ake. Koma pamene chilankhulo chasokoneza tanthauzo, mpaka sukudziwa ngati akuti matenda akuchuluka kapena akuchepa, dula ndithu, ulembe chifukwa chake pambali. Usagawe malikisi achifundo. Anawa amalipira fizi yoposa ya eni dziko, ndipo makolo awo sanagulitse katundu kuti mwana abwere ndi pepala lopanda nzeru.

Chachikulu, uwauze asanalembe, m'kalata osati pakamwa pokha, kuti malikisi angati ndi a mfundo, angati ndi a kalembedwe. Uwaonetsenso ntchito ya chaka chatha yomwe inakhoza bwino. Ugwirizane ndi mnzako wochonga naye musanagwire cholembera, kuopa kuti wina achonge galamala wina sayansi.

A ku Nigeria ndi ambiri a ku India asakuvute. Akula nacho Chingerezi, chawocho si chothyoka ayi, n'cha kwawo. Iwenso suyankhula ngati wobadwira ku Manchester.

Za Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati wophunzira wakopera, ndi ChatGPT, ija imalembera munthu ntchito, unanena zija, makina asakuweruzire mlandu wa kukopera. Kusukulu zambiri, ngakhale zathu zino, mwana amakula akuyamikiridwa chifukwa choloweza mawu a mphunzitsi ndendende. Muphunzitse kaye kutchula mwini mawu. Ukakayika, muitane ku ofesi, tseka pepala, umufunse kuti akufotokozere zomwe walemba. Wolemba yekha amayankha ngakhale mwachibwibwi. Wokopera amayang'ana kudenga.

Aja amangoti zii m'kalasi, usafulumire kunena kuti sakutsata. Funso ukafunsa, dikirako pang'ono, mutu ukadali kutembenuza. Aloleni akambirane m'chilankhulo chawo kwa mphindi zingapo, kenako mmodzi afotokozere onse m'Chingerezi. Anzako ena adzakwinya nkhope, alekeni.

Ukatsiriza kuchonga utiimbire, mayi ako akufuna kumva ngati Disembala uno ukubwera ndi ana.

Ndine bambo ako.