Wodwala sitiroko muziyankhula naye, osati kumufunsa kudzera mwa ena

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndikambe za Émile Benveniste, katswiri wa ziyankhulo wa ku France amene anamwalira mu 1976. Ndikudziwa kuti ena angowerenga mzere umenewu n'kunena kuti mdala uyu wasowa chochita, anthu akulira mtengo wa chimanga ndi feteleza iye akutitengera ku Paris. Andipirire pang'ono, nkhaniyi ikuchokera pakhonde la achimwene anga kuno ku Mangochi.

Achimwene anga aakulu anagwa ndi sitiroko mwezi wa Okutobala chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo monga limachitira kuno. Anali kumsika akutsatsa chambo. Moyo anatsala nawo, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, ndipo mawu anachoka. Munthu amene anali nkhoswe ya mabanja osawerengeka, amene akaitana kasitomala ankamveka mpaka kutsidya la Shire, lero akafuna kunena kuti madzi amangotulutsa kamawu kamodzi kosamveka, n'kukwiya. Koma akumva zonse. Mukanena nthabwala amaseka pamalo oyenera kuseka. Mukalakwitsa kuwerengera ndalama za nsomba amagwedeza mutu.

Anthu amabwera kudzazonda, ndipo ndikuwathokoza. Amabwera ndi nthochi, ena sobo, ena kandalama ka sopo. Chimene chimandipweteka ndi ichi: akakhala pamkeka, maso amalunjika kwa alamu anga. "Agona bwanji? Akudya? Akuzindikira anthu?" Mwini wake ali pompo, pampando, akuwayang'ana. Ngakhale kuchipatala kumene tinawagoneka masabata awiri zinali chimodzimodzi. Wovala zoyera amafika, kufunsa ine kapena alamu, kulemba pakhadi, ulendo. Tsiku lina achimwene anakankha kapu ya phala ndi dzanja lamanzere mpaka inagwa, anthu n'kumati matenda awasokoneza mutu. Ine ndinaona kuti mutu uli bwinobwino. Anatopa ndi kukambidwa ngati katundu.

Usiku umenewo ndinakumbukira buku limene ndinaliwerenga ndili ku Chancellor College ku Zomba, kumene ndinaphunzira Chifalansa ndisanayambe uphunzitsi. Ndinalipeza pansi pa sutikesi, chiswe chitadya m'mphepete. Dzina lake ndi Problèmes de linguistique générale, la mu 1966, lokamba za momwe ziyankhulo zimagwirira ntchito, ndipo mlembi wake ndi Émile Benveniste.

Munthu ameneyu sanabadwire ku France. Anabadwira ku Aleppo, mzinda umene lero uli m'dziko la Syria, mu 1902, nthawi imene dera limenelo linkalamulidwa ndi ufumu wa Ottoman. Makolo ake anali Ayuda, onse awiri aphunzitsi m'masukulu a bungwe la Alliance Israélite Universelle. Mu 1913, ali ndi zaka 11, anamutumiza ku Paris kusukulu yokonzekeretsa anyamata kudzakhala arabi, atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda. Urabiwo sanaufike. Anakopeka ndi ziyankhulo zakale, n'kukhala wophunzira wa Antoine Meillet, katswiri wofananitsa ziyankhulo za banja limene akuti Indo-European, momwe muli Chigiriki, Chilatini, Chisansikiriti cha ku India ndi Chiperisiya. Meillet nayenso anaphunzitsidwa ndi Ferdinand de Saussure, katswiri wotchuka wa ziyankhulo wa ku Geneva, ku Switzerland. Ndiye tinganene kuti pamaphunziro Benveniste anali mdzukulu wa Saussure. Unzika wa France anaupeza mu 1924, ndipo mu 1937 analowa m'malo mwa Meillet ku Collège de France, sukulu yapamwamba ya ukachenjede ku Paris, ali ndi zaka 35 zokha.

Ndikamawerenga za ubwana wake ndimaona ana athu a kuno. Mwana wa ku Namwera kapena ku Makanjira amayankhula Chiyao kunyumba, Chichewa kusukulu ndi kumsika, Chiarabu kumadrasa, Chingerezi pamayeso. Ife aphunzitsi timamuona ngati wosokonezeka, mwinanso timamuseka katchulidwe. Benveniste anakula chimodzimodzi, pakati pa ziyankhulo zingapo, mlendo kulikonse, ndipo ulendo umenewo ndi umene unamunola khutu. Paja akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Kalumo kake anayamba kumetera agogo ake omwe. Saussure anaphunzitsa kuti palibe chingwe chachibadwa chomanga liwu ndi tanthauzo lake, kuti n'zongogwirizana chabe. Mu 1939 Benveniste analemba kuti mfundoyo inayikidwa pamalo olakwika. Inde, palibe chifukwa choti nyama ija izitchedwa ng'ombe osati dzina lina, koma m'mutu mwa mwini chiyankhulo liwu ndi ganizo n'zomatana, sizingalekanitsidwe. Ulemu kwa aphunzitsi ake anali nawo, koma sanali wongovomera.

Tsono mfundo imene inandidzutsa usiku uja ndi ina. Kusukulu tinaphunzitsidwa, ndipo inenso ndinaphunzitsa kwa zaka zambiri, kuti pali munthu woyamba, wachiwiri ndi wachitatu: ine, iwe, iye. Timawandandalika pabolodi ngati ana atatu a mayi mmodzi. Benveniste, m'nkhani ya mu 1946, anati atatuwa si ofanana. Ine ndi iwe ndiwo ali m'kati mwa kuyankhulana, ndipo amasinthana. Ndikamayankhula ndine ine, inu ndinu inu, mukatsegula pakamwa inu mwasanduka ine, ine ndasanduka inu. Koma iye ali kunja. Iye akhoza kukhala munthu, mbuzi, mvula kapena ngalawa. N'chifukwa chake anamutcha wosakhala munthu. Mu 1958 anapitiriza kunena kuti munthu amadzipeza kuti ndi munthu pamene akunena kuti ine, ndipo sanganene ine popanda wina amene akumutcha iwe.

Chimene chingakondweretse anthu a kuno ndi kumene anakatenga nzeru imeneyi.  Anatchula akatswiri akale a malamulo a chiyankhulo cha Chiarabu, amene woyamba ankamutcha woyankhula, wachiwiri woyankhulidwa, wachitatu amene palibe. Ndili ndi mnzanga wa bawo, mwalimu wa madrasa. Nditamuwerengera ndime imeneyi anaseka n'kunditchulira mayina atatuwo pamtima: mutakallim, mukhatab, ghaib. Anati, "Aphunzitsi, zimenezi ife timaphunzitsa ana ang'onoang'ono, inu munakazipezera ku koleji?" Ndinachita manyazi pang'ono. Nzeru imene pulofesa wa ku Paris anaigwadira inali pafupi ndi nyumba yanga zaka zonsezi, ine n'kumadutsa panjinga.

Achimwene anga, ndiye kuti, tawasandutsa ghaib. Amene palibe, ali pompo.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Anena kuti kuno kuyankhula munthu ngati wachitatu ndi ulemu. Zoona. M'Chiyao timapereka moni kuti "Ali uli?" kwa munthu amene waima patsogolo pathu. M'Chichewa chathu cha kuno mkamwini amafunsa apongozi ake kuti "Akupita kuti amayi?" akuyankhula ndi iwo omwewo. Benveniste anaziona zimenezi m'ziyankhulo ngati Chitaliyana ndi Chijeremani, ndipo anati njira imeneyi ili ndi nkhope ziwiri. Ikhoza kumukweza munthu pamwamba poti ndi wamkulu kwambiri sitingamuloze ndi iwe, ikhozanso kumutsitsa pansi poti sakuyenera n'komwe kuyankhulidwa. Mawu ndi omwewo. Pakhonde la achimwene ndaona kuti chimene chimalekanitsa ziwirizi ndi maso ndi kudikira. "Agona bwanji?" wonenedwa ukuwayang'ana iwo, n'kukhala chete kudikira kuti agwedeze mutu, ndi ulemu. "Agona bwanji?" wonenedwa ukuyang'ana alamu ndi kuwachotsa pabwalo.

Benveniste ali ndi nkhani inanso ya mu 1952 yokhudza njuchi. Katswiri wina, Karl von Frisch, anapeza kuti njuchi ikapeza maluwa imabwerera kumng'oma n'kuvina, ndipo kavinidweko kamauza zinzake mbali ndi mtunda wa kumene kuli chakudya. Anthu anadabwa n'kumati njuchi zili ndi chiyankhulo. Benveniste anati ayi. Njuchi zinzake siziyankha, zimangouluka. Ndipo njuchi singakauze ina zimene yangouzidwa isanapite kukaona yokha. Ife anthu timayankhana, timafunsana, timatsutsana, timafalitsa ndi za m'maluwa zomwe. Ndikaona momwe timachitira ndi odwala athu, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala a bipi nthawi yake, koma osawafunsa kanthu, ndimati tikugwira ntchito ya njuchi. Ntchito yabwino ndithu, koma yoperewera.

Pali zambiri za munthuyu zimene ndikanakonda kukamba, ndingotchula ziwiri zokhudza Chichewa chathu. Anaonetsa kuti magulu khumi amene Aristotle, woganiza wakale wa ku Girisi, anagawira maganizo a munthu anawatola m'malamulo a chiyankhulo cha Chigiriki osadziwa, ndipo pofuna kutsimikiza anafananitsa ndi Chiewe cha ku Togo, chimene chili ndi aneni asanu otanthauza "kukhala" pamene Chigiriki chili ndi mmodzi. Ifenso timasiyanitsa "ndi mphunzitsi", "ali kusukulu" ndi "wakhala mphunzitsi", koma pophunzitsa timaziumiriza zonse m'chikombole cha Chingerezi ngati kuti Chichewa ndicho chalakwa. Chachiwiri, potsatira Marcel Mauss, katswiri wa zachikhalidwe wa ku France amene analemba za mphatso mu 1925, anaona kuti muzu umodzi wa liwu umene m'ziyankhulo zambiri za banja lija umatanthauza kupatsa, m'Chihiti, chiyankhulo chakale cha dera limene lero ndi Turkey, umatanthauza kutenga. Nditawerenga ndinakumbukira liwu lathu loti kubwereka. "Ndabwereka khasu" ndi "mundibwereke khasu", wotenga ndi wopereka onse ali m'liwu limodzi. Zinthu ngati zimenezi anazisonkhanitsa m'mabuku awiri aakulu a mu 1969 ofufuza mawu akale a zaufumu, ukwati, ngongole, lumbiro ndi kulandira alendo. Ndani adzatichitira zotere ndi mawu athu ngati chikole, nkhoswe, mbumba, chiwongo, ganyu?

Moyo wake sunali wa pampando wofewa. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka anagwidwa ukaidi mu 1940, anathawa, ndipo poti anali Myuda anachotsedwa ntchito ndi boma la Vichy, boma la France limene linkagwirizana ndi Ajeremani, n'kukabisala ku Switzerland. Mchimwene wake Henri anamangidwa mu 1942 n'kutumizidwa ku Auschwitz, msasa umene Ajeremani ankapherako Ayuda, sanabwerenso. Nkhondo itatha Benveniste anabwerera pantchito, anayenda ku Iran ndi ku Afghanistan, kenako ku Alaska, kukakhala pansi ndi eni ziyankhulo n'kumalemba zimene akumva. Ndimaganiza kuti munthu amene boma la dziko lake linamufufuta pamndandanda wa anthu ankadziwa bwino tanthauzo la kukhala iye, wokambidwa ndi ena m'maofesi, wosafunsidwa.

Ndipo mu Disembala 1969 Benveniste anagwa ndi sitiroko. Mawu anachoka. Munthu amene anadziwa ziyankhulo zambirimbiri, amene anaphunzitsa dziko kuti umunthu umayambira ponena kuti ine, anakhala pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri osatha kuyankhula, mpaka anamwalira ku Versailles pa 3 Okutobala 1976. Buku lachiwiri la Problèmes linatuluka mu 1974 iye ali chigonere, anzake ndiwo anasonkhanitsa nkhanizo. Ndili mnyamata ku Zomba ndinamva zimenezi ngati kankhani komvetsa chisoni basi. Lero ndikamuganizira ndimadzifunsa kuti kaya anthu olowa m'chipinda chake ankayang'ana ndani.

Apa ndiyenera kutsutsana naye pang'ono, monga iye anachitira ndi Saussure. Ngati munthu ndi amene amanena kuti ine, achimwene anga atani, poti sangathenso kunena? Ine ndaona kuti ine wawo sanafe. Ali m'maso, m'dzanja lamanzere, m'kukankha kapu kuja. Chimene akusowa ndi theka linalo, munthu woti awatche inu. Theka limenelo lili m'manja mwathu, silifuna ndalama, silifuna galimoto yopita ku Blantyre.

Pempho langa kwa owerenga ndi ili. Matenda a bipi ndi shuga achuluka, ndipo ambiri a ife tili ndi wachibale kapena mnansi wa sitiroko. Mukapita kukazonda, khalani mbali imene wodwala akukuonani. Perekani moni kwa iye poyamba. Funsani funso limodzi, loti angayankhe ndi mutu kapena dzanja, n'kudikira, ngakhale kuchedwe. Musakuwe, makutu ake ali bwino. Musamuyankhule ngati khanda. Ndipo za maliro, za chuma chake, za amene adzatenge ngalawa, musakambe pamutu pake ngati wapita kale. Izi ndazimva ndi makutu anga pakhonde lija, kuchokera kwa achibale enieni. A zaumoyo nawonso, ndikudziwa kuti odwala ndi ambiri ndipo inu ndinu ochepa, koma moni kwa wodwala sutenga mphindi.

Kwa inu a Mkonzi, pempho ndi loti nkhani za maganizo ngati izi muzizipatsako malo m'Chichewa. Tsamba la Chichewa lisamangokhala la milandu ya ufiti ndi mabanja otha. Ndalemba za Aristotle ndi Saussure m'kalata muno ndipo Chichewa sichinathyoke.

Achimwene ayamba kusewera bawo ndi dzanja lamanzere. Mwalimu uja amabwera Loweruka madzulo, amakhala moyang'anizana nawo, n'kumati, "Achimwene, mwaba nkhomo pamenepa, ndakuonani." Iwo amaseka mpaka kutsokomola. Sabata yatha anamudya kawiri. Lachiwiri lililonse timawakweza pakabaza, ine kumbuyo panjinga ina, kupita kokawongola mwendo.

Ngati pali wowerenga amene ali ndi buku lachiwiri lija la mu 1974, andibwereke kudzera kwa inu a Mkonzi. Langa ndi loyamba lokha, ndipo chiswe chinadya masamba omalizira.

Mphunzitsi wopuma,
Mangochi