Kwa eni sitolo ya zamafoni ku Limbe: munandigulitsa timahedifoni tosatseka phokoso, ndibwezereni ndalama zanga

Ndalemba pano poyera chifukwa ku WhatsApp mwandisiya pa timizere tiwiri ta buluu kwa masabata atatu tsopano. Dzina la sitolo yanu sinditchula. Mukudzidziwa nokha, ndipo linki ya uthengawu ndaitumiza pa nambala yomwe ija simuyankhayo.

Muyambe mwadziwa chomwe ndinkafunira katunduyu, chifukwa mnyamata wanu wa pa kauntala ndinamufotokozera zonse asanatsitse kabokosi pa shelefu. Ntchito yanga ndi yolemba pa kompyuta mawu ojambulidwa. Anthu ochita kafukufuku amapita kumidzi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu kukacheza ndi alimi, amajambula macheza awo pa foni, ine n'kukhala pansi kumvetsera liwu ndi liwu ndikulemba. Ola limodzi la macheza limandidyera maola anayi kapena asanu. Agogo ena amalankhula chapansipansi, Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, kumbuyo tambala akulira, mwana akulira, mphepo ikuwomba maikolofoni. Makutu ndiye khasu langa.

Tsono nyumba yomwe ndimachita lendi ku Ndirande inagundana ndi chigayo. Chimayamba 6 koloko m'mawa. Magetsi akazima chimapuma, koma nthawi yomweyo achimwene ometa tsitsi kutsidya kwa msewu amaliza jenereta yawo. Bata kwathu timangolimva pa Khrisimasi.

Mu Disembala mlamu wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi timahedifoni ta m'khutu topanda waya, ta Samsung, totchedwa Galaxy Buds2. Anandibwereka kwa masiku anayi. Nditavala n'kuyatsa chotsekera phokoso chija, chigayo chinangoti zii, ngati wina wachinyamula kukachiika kuseri kwa phiri la Ndirande. Sikuti dziko lonse linakhala chete ayi. Amayi a pa mzere wa chigayo ndinkawamvabe akuseka, ndowa ikagwa ndinkaimva. Chimene chinachoka ndi kung'ung'udza kosalekeza kuja komwe kumalowa mpaka m'mafupa. Mlamu anandifotokozera kuti zimatchedwa ANC: kunja kwa kahedifoni kuli timaikolofoni tating'ono totola phokoso, ndiye kachipangizo ka mkati kamapanga mawu ofanana nalo koma otembenuzidwa, awiriwo akakumana m'khutu amafafanizana. Zimagwira bwino pa phokoso lakuya ndi losasinthasintha, ngati la injini, jenereta kapena chigayo. Mawu a anthu ndi kugogoda kwadzidzidzi zimadutsabe. Masiku anayi amenewo ndinamaliza ntchito yomwe ikananditengera sabata yathunthu, ndipo batire linkakhala pafupifupi maola asanu ndisanatibwezere m'kabokosi kochajira.

Mlamu atabwerera ndinayamba kusunga ndalama. Pa tsamba lanu la Facebook ndi pamene ndinaona chithunzi cha timahedifoni toyera, pamwamba mutalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti noise cancelling. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe. Funso langa linali limodzi, ndipo ndinalifunsa kawiri: kodi ndikavala, phokoso la chigayo lichoka m'makutu mwanga? Mnyamata wanu anaseka, amvekere, "Asisi, izi mukavala simumva ngakhale minibasi ikuimba hutala pambali panu." Ndinapempha kuti ndiyese. Anati pulasitiki ikang'ambidwa ndiye kuti ndagula. Nditadandaula mtengo anandiuza zomwe wogulitsa aliyense wakhala akunena kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuti vuto ndi dola. Ndinalipira K95,000 pa Airtel Money. Uthenga wake ndikadali nawo.

Kufika kunyumba, ndavala, ndadina, ndadinanso, ndagwira nthawi yaitali monga kapepala ka m'kati kakunenera. Chigayo chili pomwepo, gu-gu-gu, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Ndinaganiza kuti mwina umbuli ndi wanga. Usiku ndinatenga kabokosi n'kukawerenga pansi pa tochi, ndipo kumbuyo, m'tizilembo tofuna magalasi, ndinapeza zilembo zitatu: ENC. Osati ANC. Chilembo chimodzi chokha, koma ntchito yake ndi ina kotheratu. ENC siyichotsa phokoso m'makutu mwa wovala. Imayeretsa mawu anga kuti munthu amene ndikulankhula naye pa foni asamve phokoso la kumbali kwanga. Kunena mwachidule, ine ndinalipira K95,000 kuti amayi anga ku Ntcheu asamamve chigayo ndikawaimbira Lamlungu. Ndipo chilungamo chake, pamenepo mpomwe katundu wanu amakhoza: amayi amati masiku ano ndimamveka bwino. Ine mwini wake ndili m'chigayo momwemo.

Inu mumagulitsa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku. Musandiuze kuti kusiyana kwa ANC ndi ENC simukudziwa. Ngati mnyamata wanu sakudziwa, amene munamuika pa kauntala osamuphunzitsa ndinu. Ngati akudziwa, ndiye kuti anandinamiza akundiyang'ana m'maso, nditamuuza kale za chigayo.

Bwenzi nditangomeza malovu n'kunena kuti ndaphunzira, katunduyo akanakhala wabwino pa zina. Koma taimani ndikuuzeni mmene wakhalira, pomuyerekeza ndi timahedifoni ta mlamu komanso tanga takale ta waya tomwe ndinagula K4,000 kwa venda pa depoti.

Pa kabokosi pali chithunzi cha timalabala ta kunsonga ta misinkhu itatu, tating'ono, tapakati ndi tatikulu. M'kati munali tamsinkhu umodzi basi, tomwe tinabwera titavalidwa kale, touma ngati chidendene. Izi si nkhani ya kukongola. Kalabala kakapanda kukwana bwino m'khutu, mpweya umadutsa m'mbali, phokoso lakunja n'kulowa momwemo. N'chifukwa chake tanga ta K4,000, tokhala ndi timalabala tofewa, timatchinga chigayo kuposa tanu ta K95,000, ngakhale mulibe batire kapena maikolofoni ina iliyonse yolimbana ndi phokoso. Ta mlamu ndinkatha kukhala nato mmawa wonse n'kuiwala kuti ndavala kanthu. Tanu pakangotha mphindi 40 khutu limatentha ngati wina walipinira. Kakumanzere sikakhazikika n'komwe. Ndikayasamula kamagwa, ndikamatafuna chinangwa kamagwa. Tsiku lina kanagwera m'minibasi tikudutsa pa Ginnery Corner, anthu anayi anachita kudzuka kuti kondakitala akatole pansi pa mpando, iye akundinyogodola kuti asisi zinthu zodulazi muzimangirira ndi ulusi.

Choopsa kwambiri ndi chomwe ndinayamba kuchita osazindikira. Poti phokoso silikuchoka, ndinkangokweza voliyumu kuti mawu a agogo apose chigayo. Foni inandichenjeza kangapo, ine n'kumangodina kuti pitiriza, ntchito ikudikira. Madzulo ndikavula, m'makutu munkalira nkhululu mpaka pogona. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvetsera pa mlingo wa madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo ukakweza kuposa pamenepo nthawi yotetezekayo imatsika msangamsanga. Phindu lenileni la ANC ndi lomwelo, kuti uzimva bwino voliyumu ili pansi. Inu munandigulitsa chinthu chondichititsa zosiyana ndi zimenezo, pa makutu omwe ndimadyera.

Kamvekedwe nako. Ndikudziwa kuti achinyamata ambiri akamagula amangofunsa kuti besi ilipo? Ilipo, yochuluka, yofufuma ngati thumba la madeya lonyowa, ndipo imakwirira china chilichonse. Pa nyimbo za kudansi mwina wina angakondwe nazo. Pa mawu a munthu ndi tsoka. Mathero a mawu amamezedwa. Mlimi wina wa ku Mulanje ankafotokoza kuti chaka chatha mbewu zinatha msanga. Ine ndinamva mbewa. Ndinalemba ndime yonse ya mbewa, ndikudabwa kuti bambowa akudandauliranji mbewa zikatha, mpaka amene anandipatsa ntchitoyo anandibwezera pepala atazunguliza liwulo ndi inki yofiira. Tinaseka, koma ulendo wotsatira mafayilo ambiri anapatsa munthu wina. Nditamveranso malo omwewo pa tanga ta waya, "mbewu" anamveka poyera ngati belu la sukulu.

Palinso kena komwe munthu womvera nyimbo sangakaone. Pa ntchito yanga ndimaimitsa ndi kuyambitsanso mawu kambirimbiri pa ola limodzi. Ndikaimitsa kwa timasekondi pang'ono n'kuyambitsanso, timahedifoni tanu timachedwa kudzuka, ndiye liwu loyamba limadulidwa mutu. "Sitinalandire" amasanduka "tinalandire". Ganizirani zimenezo pa macheza okhudza amene analandira feteleza ndi amene sanalandire.

Za kulimba kwake sinditaya nthawi. Kabokosi kamati batire limakhala maola 6. Silinakwanepo maola awiri. Bluetooth imayenera kufika mamita pafupifupi 10, koma ine ndikangoika foni m'thumba la kumbuyo n'kutembenuza mutu, mawu amadukaduka. Pa tsiku lachisanu ndi chinayi kakumanzere kanasiya kuchaja pokhapokha nditapinda kapepala n'kukapanikiza pansi pa chivindikiro. Mpaka lero kapepalako kali momwemo, kochokera pa lisiti la sopo.

Ndabwera ku sitolo kwanu katatu. Ulendo woyamba munati mwina ndi phula la m'khutu latseka, ndikapukute. Katundu wa masiku asanu ndi anayi! Ndinapukuta pamaso panu ndi kansalu, palibe chinasintha. Ulendo wachiwiri munati a manijala atuluka, ndipo mtsikana wina anandilozera chikwangwani chapakhoma choti katundu akagulidwa sabwezedwa. Nditakumbutsa za waranti ya miyezi itatu yomwe mnyamata uja analonjeza pakamwa, munandifunsa kuti yalembedwa pati. Zoonadi, pa lisiti lomwe munandipatsa munangolemba "earbuds" ndi mtengo, popanda dzina la mtundu wake kapena nambala yake. Pamenepo ndikuvomera, ndinagona. Ndikanaumirira kuti mulembe.

Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa uthenga uno. A manijala ndinawapeza. Anandimvetsera bwinobwino, akugwedeza mutu, kenako anatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa kabokosi kena, amvekere, "Mayi, mukawonjezera K40,000 tikupatsani zenizeni, izi ndiye zimatseka phokoso." Bwana, ndikufunseninso pano pomwe anthu akuwerenga, poti tsiku lija munangoyang'ana kumbali: ngati zimenezo ndi zenizeni, zomwe munandigulitsa ine zinali zotani? Ndiye kuti munkadziwa kuti m'sitolo mwanu muli mitundu iwiri, wotseka phokoso uli m'kabati, wosatseka uli pa shelefu, koma chikwangwani cha pa Facebook n'chimodzi.

Chikwangwani chanu cha katundu sabwezedwa chija musachidalire kwambiri. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, ndipo bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza amalonda kuti sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongopachika mawu otere pakhoma. Kunamiza wogula za chomwe katundu amachita nakonso n'koletsedwa. Sindine loya, koma chithunzi cha malonda anu aja ndinachijambula musanaganize zochichotsa, pamodzi ndi kumbuyo kwa kabokosi komwe kuli ENC, lisiti, ndi mauthenga anga onse osayankhidwa.

Sindikufuna kusinthitsa, ndipo K40,000 yowonjezera ndilibe. Ndikufuna K95,000 yanga pa nambala yomwe ndinalipirira. Za minibasi maulendo atatu aja ndi ntchito yomwe inandidutsa ndazikhululukira. Komanso konzani malonda anu aja, mulembe kuti ENC ndipo munene kuti ndi ya poimba foni, chifukwa pansi pa chithunzicho ndaona mtsikana wina akufunsa ngati zingamuthandize kuwerenga ku hositelo kuli phokoso, inu n'kumuyankha kuti "kwambiri". Tsegulani peya imodzi ikhale pa kauntala yoyesera, anthu azivala n'kuima pakhomo panu. Msewu wa ku Limbe uli ndi injini zokwanira, mphindi imodzi munthu adziwa ngati phokoso latsika kapena ayi.

Loweruka 9 koloko m'mawa ndikhala ndili pakhomo panu ndi kabokosi, chingwe chochajira, lisiti, ndi timahedifoni tonse tiwiri, kapepala kopanikizira kaja kali momwemo. A manijala akakhala kuti atulukanso, Lolemba kalata yanga ipita ku CFTC, ndipo m'menemo dzina la sitolo ndilemba lonse.