Lipoti la msonkhano wa oluka ku Mulanje

Amayi apampando ndi amayi anzanga nonse,

Munandituma ku Mulanje kukaona kalukidwe ka poncho, chofunda chija chopanda manja chimene munthu amangopisa mutu pakati. Ndabwerako bwino, ndipo zimene ndinaona ndi izi.

Anzathu akumeneko mitundu ya ulusi amaitengera kuphiri lawo. M'munsi amayamba ndi wobiriwira wa minda ya tiyi, pakati wotuwa wa matanthwe, pakhosi woyera, kutsanzira mitambo imene imakuta Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Amaluka zidutswa ziwiri, chakutsogolo ndi chakumbuyo, n'kuzisoka m'mapewa, kusiya polowera mutu.

Luso lenileni lili pa mzere wokhotakhota umene umatulutsa mapiriwo. Pansonga mumaluka katatu m'bowo limodzi, pachigwa mumalumpha mabowo awiri. Mukangoiwala kulumpha, nsalu imayamba kufutukuka mbali imodzi, ndiye kumasula basi, ntchito ya tsiku lonse. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi amamanga kaulusi kofiira pansonga iliyonse, moti amaluka uku akucheza, osawerenga n'komwe. Anatichenjezanso kuti ulusi wa poncho imodzi tizigula nthawi imodzi, chifukwa wobwera pambuyo mtundu wake umasiyanako pang'ono, ndipo padzuwa zimaonekera.

Ndikudziwa ena mukuti, kuno ku Mangochi ndi kutentha konseku agule ndani? Funsoli ndinalifunsanso kumeneko, anthu n'kuseka. Komatu mu Juni ndi Julaye mwera ukamaomba panyanja, ngakhale ife timafunda zitenje ziwiri. Ku Namwera, kumtunda kuja, kumazizira kuposa pa boma. Palinso alendo obwera ku Cape Maclear ndi ku Nkopola, amene amafuna kugula chopangidwa ndi manja choti akaonetse kwawo.

Maganizo anga ndi akuti tisatengere Mulanje. Tiyi kuno tilibe. Mlendo amene wagona m'mbali mwa nyanja waona madzi, mchenga, milambe ndi mapiri a Namizimu, ndiye poncho yathu iyambe ndi buluu m'munsi, kenako mtundu wa mchenga, pamwamba wa udzu wouma wa m'chilimwe.

Ndikupempha amsungichuma atulutse ndalama ya ulusi wa ma poncho awiri oyeserera, wa acrylic, poti suvuta kuchapa ndipo umauma msanga. Loweruka aliyense abwere ndi singano ya crochet ya 5mm, tidzayambe ndi mzere wokhotawo.

Zikomo.