Malo aulere aja anali ndi eni ake

Akonzi,

Zimandiwawa anthu akamakamba za azungu omwe anasamukira kumadzulo kwa America ngati kuti anakapeza tchire lopanda mwini. Zoona lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 bola alime nkukhalapo zaka 5, ndipo moyo wake unali wothina, dzombe, chisanu choopsa, dokotala kutali. Koma kulanda kunali kutayamba kale! Mu 1830 pulezidenti Andrew Jackson anasainira lamulo losamutsa eni nthaka, ndiye mu 1838 asilikali anathamangitsa a Cherokee, mtundu umodzi wa eni nthakawo, m'chigawo cha Georgia kupita komwe pano ndi chigawo cha Oklahoma, masauzande anafera munjira ndi matenda komanso kuzizira makamaka ana ndi nkhalamba. Chonde mukamalemba mbiriyi muziwatchulako anthu amenewa.

Wowerenga wanu,
Zomba